Hamala ija anaijambula kale

Ku Chinsapo, ku Mgona kapena ku Biwi, munthu akagwa mwadzidzidzi, kukamwa n'kupindika, dzanja ndi mwendo n'kufa mbali imodzi, manong'onong'o sachedwa: amumenya ndi hamala. Ambiri mwa ife amene tikuphunzira zauphunzitsi pano tinakulira m'malokeshoni omwewo, ndipo tikudziwa chimene chimatsatira. Maso onse amatembenukira kwa agogo ena okhala okha kuseri kwa msika. Lamulo la 1911 limaletsa kuloza munthu ufiti, koma pa maliro palibe amene amalikumbuka.

Chonsecho hamalayo madokotala anaijambula kale, ndipo zithunzi zake zilipo. M'khoma la mtsempha wa magazi mumaunjikana mafuta, maselo akufa ndi kashiamu, pang'onopang'ono, kwa zaka zambiri, popanda ululu. Pamwamba pa chotupacho thupi limayala kachivindikiro ka kolajeni, ulusi womwe uja umene umalimbitsa khungu ndi kupanga chipsera. Kachivindikiroko kakakhala kochindikala, munthu akhoza kukalamba nacho chotupacho osadziwa. Koma kakapyapyala kufika pansi pa ma micrometre 65, pafupifupi ngati tsitsi limodzi, kakhoza kung'ambika tsiku lina lililonse. Magazi amaundana pomwepo. Ukatsekeka mtsempha wa mtima, mtima umavulala kapena kuima; chotsekacho chikafika ku ubongo, ndiye sitiroko. Sitiroko ina imabwera mtsempha wa mu ubongo ukaphulika chifukwa cha BP yokwera.

Njira yakale yoonera kolajeniyu ndi kudula kachidutswa kopyapyala ka mtsempha, kukapaka mankhwala ofiira otchedwa picrosirius red, n'kukaika pa maikulosikopu ya kuwala kosefedwa mwapadera. Ulusi wokhuthala umawala mofiira kapena mwachikasu, wopyapyala mobiriwira. Vuto lake ndi lakuti mtsemphawo uyenera kukhala utachoka kale m'thupi, nthawi zambiri mwini wake atamwalira. Mu 1991 gulu la James Fujimoto ku MIT, m'dziko la America, linalengeza njira yojambulira ndi kuwala yotchedwa OCT. Inayamba kutchuka kwa madokotala a maso, koma lero amalowetsa kawaya kakang'ono mu mtsempha wa mtima wa munthu wamoyo n'kuyeza kachivindikiro kaja.

Sitikunena kuti boma ligule makina otere ku chipatala cha Kawale. Ndalama zake zikhoza kugula makina oyezera BP ochuluka zedi, ndipo amenewo ndiwo tikuwasowa kwambiri. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri a iwo sankadziwa. Pakati pa 2013 ndi 2016 bungwe la MEIRU linayeza anthu oposa 28,000 ku Area 25 ndi ku Karonga, nalo linapeza ambiri akuyenda ndi BP kapena shuga osadziwa. Awatu si mabwana a ku Area 10 okha. Ndi amayi athu ogulitsa mandasi, ndi amalume a kabaza amene nkhomaliro yawo ndi tchipisi cha pachiwaya chothira mchere wodzaza dzanja.

Mlandu wathu uli m'kalasi. Ena mwa ife tinaphunzira ku sekondale za mishoni zimene anthu amazitama, komabe mtsempha tinauona pa bolodi pokha: mizere iwiri ya choko ndi kamuvi. Maikulosikopu inkakhala yokhomeredwa m'kabati, n'kutuluka mayeso a MANEB atayandikira. Tinaloweza liwu lakuti atherosclerosis, tinakhoza nalo bwino, kenako patchuthi tinapita kumaliro n'kugwedezera mutu nkhani ya hamala limodzi ndi aliyense. Liwu loloweza silingalimbane ndi nkhani imene ili ndi nkhope ndi dzina la munthu woilozera. Chithunzi mwina chikhoza.

Wina anena kuti chithunzi sichichotsa chikhulupiriro, popeza ngakhale ophunzira kwambiri amaopa hamala. N'zoona, ndipo sitikuyembekeza kuti mwana wa Fomu 3 akaimirira pasiwa n'kutsutsa akuluakulu. Tikungofuna kuti akamva zoterezi adzifunse chamumtima kuti malemuwo anayezetsa liti BP, ndipo akafika kunyumba akakamize mayi ake kupita kukayezetsa.

Posachedwa tipita kukayeserera kuphunzitsa m'sukulu zimene mwina zilibe labotale n'komwe. Zithunzi za OCT ndi za kolajeni wowala zili pa intaneti, ndipo foni imodzi ikhoza kuzungulira kalasi yonse periyodi isanathe. Amene alibe bandulo atole paipi yakale yamadzi yodzaza dzimbiri mkati, aidule pakati, apite nayo m'kalasi pamodzi ndi tsitsi limodzi.