Ophunzira a pa Tidziwe adzawalipira ndani?

Amene anagonekapo m'bale wake pachipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe mwina anaiona nyumba yotchedwa Tidziwe, ndi magalimoto olembedwa UNC Project akulowa ndi kutuluka. Ambirife timangoti ndi azungu a kafukufuku, n'kupitirira. Zilembo zitatuzo zikuimira University of North Carolina, sukulu ya ukachenjede ya mumzinda wa Chapel Hill ku America, ndipo ubale wake ndi Unduna wa Zaumoyo wadutsa zaka 30 tsopano. Za kafukufuku wake zimamveka pa wailesi. Zimene sizikambidwa kawirikawiri ndi za Amalawi amene ubalewu wawaphunzitsa, ndipo ine ndikuona kuti chuma chenicheni chagona pamenepo.

Chiyambi chinali chaching'ono. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Edzi ikupulula anthu mankhwala kulibe, akatswiri a sukuluyi monga Irving Hoffman ndi Myron Cohen anabwera kudzathandizana ndi boma pa kachizidwe ka matenda opatsirana pogonana. Ku Lilongwe komweko ndi kumene anapeza kuti bambo amene ali ndi HIV, akakhalanso ndi matenda otupitsa njira ya mkodzo monga chinzonono, tizilombo ta HIV mu umuna wake timachuluka pafupifupi ka 8 kuposa mnzake amene alibe matendawo, ndipo akachizidwa timachepa. Zimenezi zinasindikizidwa m'magazini ya The Lancet mu 1997. Funso linabwera lokha: ngati tizilombo tichepa, kodi kupatsirana kuchepanso? Yankho linadza mu 2011 kudzera mu kafukufuku wa HPTN 052, amene anatsatira mabanja 1,763 m'maiko 9, ena mwa iwo a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Anaonetsa kuti munthu akayamba msanga kumwa ma ARV, chiopsezo chopatsira mnzake chimatsika ndi 96 pa 100 iliyonse. Magazini ya Science inati palibe china chimene asayansi anatulukira chaka chimenecho choposa ichi.

Maina amene dziko limawakumbukira ndi a atsogoleri a kafukufukuyo. Koma panali namwino amene ankakhala pansi ndi bambo ndi mayi, wina ali ndi kachilombo wina alibe, n'kuwafotokozera m'Chichewa chomveka zimene akuvomera. Panali wa mu labotale amene ankayeza magazi, ndi wina amene ankalondola anthu m'makwalala a ku Area 25 kapena ku Kawale akaphonya tsiku lawo. Anthu amenewa anayenera kuphunzitsidwa, chifukwa kafukufuku wotere amagwa ngati fomu imodzi yalembedwa molakwika kapena firiji yazima usiku. Tinene zoona: poyamba maphunziro ankabwera chifukwa kafukufuku ankawafuna. Pang'onopang'ono zinthu zinatembenuka. Nyumba ya Tidziwe inatsegulidwa mu 2003, sukuluyo inakhazikitsa Institute for Global Health and Infectious Diseases mu 2007, ndipo ndi thandizo la Fogarty International Center, nthambi ya boma la America yolipirira maphunziro a ofufuza za umoyo a m'maiko ena, Amalawi anayamba kuchita madigiri apamwamba ndi kulemba okha mafunso oti afufuzidwe.

Chitsanzo chimene chimandikhudza kwambiri ndi cha khansa. Mayi akafika kuchipatala ndi chotupa m'khosi kapena m'bere, dokotala sangangoyang'ana n'kunena kuti ndi khansa ya mtundu uti. Amadula kanyama kakang'ono, n'kukaika m'botolo la mankhwala oti kasawole. Ku labotale amakaumitsa mu phula, amakasenda mopyapyala kuposa pepala, amakaika pagalasi, amakathira utoto, ndiyeno katswiri wa pathology amakaunika pa maikulosikopu. Mankhwala oti mayiyo alandire amadalira zimene katswiriyo waona. Chaka cha 2011 chisanafike, tizidutswa totere ta ku Lilongwe tinkatumizidwa ku Blantyre, ndipo zotsatira zinkachedwa pamene chotupacho chikukula, magadiyani akuphika panja ndi kudikira. Mu 2011 labotale ya pathology inatsegulidwa pa Kamuzu Central mothandizana ndi UNC. Magalasi aja amajambulidwa ndi makina n'kuikidwa pa intaneti, kotero kuti akatswiri a ku Lilongwe ndi a ku Chapel Hill amayang'ana chithunzi chimodzi nthawi imodzi n'kumakambirana. Pulofesa George Liomba anaika luso lake pa ntchitoyi kuyambira masiku oyambirira, ndipo Dr Tamiwe Tomoka, mayi woyamba m'Malawi muno kukhala katswiri wa pathology, ndi mmodzi mwa amene akutsogolera ntchito ya khansa kumeneko. Makinawo akadabwera popanda anthu ngati amenewa, bwenzi ali m'makatoni mpaka lero.

Za opaleshoni zinayenda njira yofanana. Mu 2009 pa Kamuzu Central panayamba maphunziro a ukatswiri wa opaleshoni, mogwirizana ndi UNC, chipatala cha Haukeland cha ku Bergen ku Norway, ndi bungwe la COSECSA limene limayesa ndi kuvomereza akatswiri a opaleshoni kuno kummawa, pakati ndi kummwera kwa Africa. Wodi ya anthu opsa ndi moto inatsatira mu 2011. Phindu la kuphunzirira kuno ndi lakuti dokotala amazolowera odwala amene adzakumane nawo moyo wake wonse: mwana amene wagwera pamoto mwezi wa June pootha, wodwala khunyu amene wapsa ali yekha kukhitchini, wa kabaza amene wagundidwa pamsewu wa M1. Amaphunziranso kugwira ntchito ndi zipangizo zimene zilipo.

Nzeru imeneyi sinayambe ndi UNC. College of Medicine itatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, cholinga chinali chomwecho, poti ambiri mwa amene ankatumizidwa kunja kukaphunzira udokotala sankabwerera. Ophunzira oyambirira ankayambira maphunziro awo kunja, monga ku St Andrews ku Scotland, n'kudzamalizira kuno. Ku Blantyre kulinso maubale ena akale, a Johns Hopkins, a Michigan State pa malungo a ana, ndi a Liverpool. Koleji ija lero ili m'kati mwa Kamuzu University of Health Sciences.

Pali mbali ina imene sindikhala nayo chete. Maphunziro amenewa amapita mbali zonse ziwiri, ngakhale kuti timayamika mbali imodzi yokha. Wophunzira udokotala wochokera ku America kapena ku Ulaya akakhala masabata angapo m'mawodi athu amaona matenda amene kwawo akanangowawerenga m'buku, ndipo amene amamuphunzitsa ndi clinical officer kapena namwino wathu. Amabwerera kwawo ndi luso, ndi dzina, nthawi zina ndi pepala la kafukufuku limene limamutsegulira ntchito. Dokotala wathu akapita kumeneko, malamulo a ziphaso nthawi zambiri samulola kukhudza wodwala, amangoima pambali n'kumaonerera. Ulendo wakenso ndi wovuta. Mu August 2025 boma la America linayamba kufuna kuti Amalawi ndi anzathu a ku Zambia ofuna viza yokacheza kapena ya bizinesi azipereka chikole chofika madola 15,000. Msonkhano wa akatswiri umene mnzake wa ku Chapel Hill amangokwera ndege n'kupita, wathu ankayamba wawerengera ndalama zimene sakanazipeza. Masukulu amene ali pa ubale nafe sanaike malamulo amenewa, koma ayenera kuvomereza poyera kuti nawonso amaphunzira kwa ife, ndipo aziwerengera mphunzitsi wa pa wodi monga mphunzitsi.

Nkhawa yanga yaikulu komabe ili kwathu kuno. Ndalama zambiri zimene zaphunzitsa anthuwa ndi kuwasunga pantchito zimachokera ku misonkho ya anthu a dziko lina, ndipo zimatengera ndale za kumeneko. Mu 2017 boma la America linapempha kuti Fogarty itsekedwe, koma aphungu awo anakana. Mu January 2025 thandizo la America ku maiko akunja linaimitsidwa mwadzidzidzi, kenako bungwe lake la USAID linathetsedwa, ndipo tinaona tokha ogwira ntchito zaumoyo akuuzidwa kuti akhale kaye kunyumba. Chingwe chimenechi sichili m'manja mwathu. Pamenepo n'kuti atsogoleri a Africa, ife tili momwemo, analonjeza ku Abuja mu 2001 kuti aziika 15 pa 100 iliyonse ya bajeti ku zaumoyo, ndipo zaka zambiri sitifikapo. Taona madokotala ndi anamwino omaliza maphunziro akukhala pakhomo miyezi kudikira kuti boma liwalembe ntchito.

Katswiri wa pathology amatenga zaka zoposa 10 kuti apangike, kuyambira tsiku limene walowa sukulu ya udokotala. Thumba la kafukufuku limene limamulipira likauma, sasowa kopita: Gaborone, Johannesburg ndi London akumufuna. Sindingamudzudzule akapita, ali ndi ana ofuna fizi. Koma mayi uja wa chotupa adzabwerera pa mzere wakale wodikira.

N'chifukwa chake ndikufuna komiti ya zaumoyo ya Nyumba ya Malamulo, bajeti ikubwerayi isanadutse, ifunse Unduna wa Zaumoyo mafunso osavuta. Ndi akatswiri angati pa Kamuzu Central, Queen Elizabeth, Mzuzu ndi Zomba amene malipiro awo amachokera kunja? Ndi makina angati a mu labotale amene mankhwala ake ndi kukonza kwake zimalipiridwa ndi mapulojekiti? Nanga pulojekiti iliyonse ikatha, ndani mwa anthuwa ali ndi malo omuyembekezera m'kaundula wa ogwira ntchito m'boma? Chiwerengerocho chilembedwe, chiwerengedwe m'Nyumba, ndipo chaka chilichonse Unduna wa Zachuma uzitengako malo angapo n'kuwaika pa bajeti yathu, kuyambira ndi a pathology ndi a opaleshoni.