Ntchito Imodzi, Malipiro Awiri

Sabata ino tiponye maso kutali, ku Scotland, kumene boma linayamba ntchito yotamandika koma n'kuisiya ikutsimphina.

Kuyambira mu Ogasiti 2021, mwana aliyense wa zaka 3 ndi 4 m'dzikolo, pamodzi ndi ena a zaka 2 ochokera m'mabanja osowa, amasamalidwa ndi kuphunzitsidwa maola 1,140 pa chaka makolo osalipira kanthu. Kale maolawo anali 600. Tikawagawa pa masabata 38 a sukulu, ndi maola 30 pa sabata, ndipo ntchito yonseyi imadya ndalama pafupifupi mapaundi 1 biliyoni pa chaka. Apa sitikutsutsapo. Mmera mpoyamba, ndipo mayi amene ankasiya ntchito posowa womusiyira mwana anapeza mpumulo.

Chimene tikukana ndi njira imene ndalamazo zimayendamo. Boma la ku Edinburgh limazipereka ku makhonsolo 32 a dzikolo. Khonsolo iliyonse ili ndi sukulu zake za mkaka, ndipo khonsolo yomweyo ndiyo imagamula kuti sukulu za anthu wamba, za mabungwe othandiza anthu, ndi amayi olera ana m'nyumba zawo azilandira zingati pa ola la mwana mmodzi. Tangoganizani: mnzanu amene mwayandikana naye benchi pamsika ndiye akukuikirani mtengo wa tomato wanu, ndiyenso wasunga thumba la ndalama. Kodi wogawa nyama anayamba wadzimana?

Zotsatira zake zimagwera mlezi. Wa ku khonsolo ndi wa ku sukulu ya anthu wamba amafunika maphunziro ofanana, amayenderedwa ndi bungwe limodzi la Care Inspectorate, amapukuta mamina ofanana ndi kutonthoza kulira kofanana. Koma pa kutha kwa mwezi mmodzi amalandira zochuluka ndi penshoni yolimba, winayo amangokhala pafupi ndi mlingo wotsikitsitsa. Boma linalonjeza ndalama zoti alezi a kunja kwa khonsolo azilandira mapaundi 12 pa ola kuyambira mu Epulo 2024, n'kukweza kufika pa 12.60 mu 2025. Tikuyamika, koma kukweza pansi sikutseka phompho. Sukulu yaing'ono imaphunzitsa mtsikana ntchito kwa zaka zingapo, ndipo akangokhwima khonsolo imamutenga. Sitingamudzudzule, nayenso ali ndi lendi yoti alipire. Amene amataya ndi mwana wa zaka 3 uja, amene anali atangozolowera nkhope imodzi ndi dzanja limodzi, lero akuyambanso kuzolowera mlendo. Ndipo ana otere si ochepa: pafupifupi 3 mwa ana 10 alionse a m'ndondomekoyi amapita ku sukulu zimene si za khonsolo.

Ena amati sukulu za anthu wamba ndi malonda chabe, nanga msonkho wa anthu unenepetserenji eni ake? Funsoli lili ndi fupa, pakuti alipodi makampani aakulu amene amaona mwana ngati gwero la phindu. Oterowo boma liwaikire malamulo, liwerenge mabuku awo a ndalama, liwakakamize kuti zimene alandira zifike m'thumba la mlezi. Koma kulanga onse chifukwa cha ochepa ndi ulesi wa maganizo. Zambiri mwa sukuluzi zimatsegula m'mamawa, zimatseka madzulo, sizitseka pa tchuthi, ndipo namwino kapena woyendetsa basi amadalira zimenezo. Ndalama ya boma ikaperewera, mwini sukulu amakweza mtengo kwa makolo a makanda amene salipiriridwa ndi boma. Choncho chimene chikutchedwa chaulere chimalipiridwa mwakachetechete ndi banja loyandikana nalo. Bungwe lofufuza za kayendedwe ka ndalama za boma la Audit Scotland linachenjeza mu 2023 kuti gawo lonseli ndi losalimba.

Ife a Eklezia nkhani iyi sitiiona ngati ya akatswiri a chuma okha. Apapa Leo XIII, m'kalata ya Rerum Novarum ya 1891, anaphunzitsa kuti malipiro sakhala olungama chifukwa chongoti wantchito wavomera. Munthu wopanikizika amavomera chilichonse. Apapa Pius XI mu 1931 anaonjeza kuti ulamuliro waukulu uyenera kuchirikiza magulu aang'ono, osati kuwameza. Ndipo katekisimu imaika kumana wantchito malipiro ake pakati pa machimo ofuula kumwamba, ngakhale womanayo atabisala kuseri kwa bajeti.

Tikuti mtengo wa pa ola uchoke m'manja mwa makhonsolo, uikidwe ndi bungwe loima palokha limene lilibe sukulu yake yoti liikondere. Tikutinso khonsolo iliyonse iulule poyera ndalama zimene imawononga pa mwana mmodzi m'sukulu zake, nyumba, magetsi ndi penshoni zonse zitawerengedwa, ndipo chiwerengerocho chiikidwe pambali pa chimene imapatsa anzake aja.