Oteteza Golo Nawonso Ndi Ana Athu

Tikapita kukaonerera mpira wa ana pa mabwalo a masukulu ku Chongwe ndi ku Chalimbana, pali cinthu cimodzi cimene cimatidandaulitsa. Mwana waliwiro amaikidwa kutsogolo, ndipo mphunzitsi amathera naye madzulo onse. Wamanyazi amangouzidwa kuti, "Iwe, khala kumbuyo," osamuphunzitsa kanthu.

Kodi taiwala za pa 12 February 2012 ku Libreville? Anyamata a Chipolopolo analimbana ndi Didier Drogba ndi anzake a Ivory Coast kwa mphindi 120 popanda cigoli kulowa. Kennedy Mweene anagwira penate ya Kolo Touré, ndipo amene anamwetsa penate yomaliza yotibweretsera cikho, 8-7, anali Stoppila Sunzu, wosewera kumbuyo.

Kumwetsa cigoli kumafuna liwiro ndi kulimba mtima. Kuteteza kumafuna kudekha, kuyang'anitsitsa mapazi a mdani ndi kulankhulana ndi anzako. Luso limeneli silimera lokha, limacita kuphunzitsidwa tsiku ndi tsiku.

Makolo ndi aphunzitsi, tiyeni tiwagawire ana nthawi mofanana. Mwana akalanda mpira mwaukhondo, timuombere m'manja monga timacitira mnzake akamwetsa cigoli. Paja akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga.