Kodi Ndalama za Fodya Zithere mu Khoka?

Alimi anzathu a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Mangochi, Salima, Nkhotakota kufikira ku Nkhata Bay, ndi inunso a kumtunda amene mumatsikira kunyanja mutakolola, lero tifuna kukamba nanu nkhani imene si ya khasu. Chaka ndi chaka, chimanga chikalowa m'nkhokwe ndipo fodya akagulidwa, timaona amuna ambiri alikutenga ndalama zao kunka nazo kudooko kukagula ukonde, kapena kusonkherana ndi anzao kuti apeze khoka. Ena, posowa ndalama zokwanira, amasoka pamodzi maneti a udzudzu amene akazi ao analandira kuchipatala. Ife tikuti njira imeneyi ndi yotayitsa, kwa mlimiyo ndi kwa nyanja yomwe. Mlimi wofuna ndiwo za ana ake agule chingwe ndi mbedza, naphunzire kuwedza m'bwato pa madzi akuya.

Tisananene za mbedzayo tiyambe takumbutsana za chambo. Pakati pa 1945 ndi 1947 mayi wina wophunzira za nsomba, Rosemary Lowe, anakhala kunyanja kuno kufufuza moyo wa chambo. Masiku amenewo chambo chinali chosasowa pa mbale ya munthu wamba. Nsomba imeneyi imaswana pa mchenga, make amasunga mazira ndi ana m'kamwa, ndipo anawo amakulira m'madzi osaya muli udzu. Tsono khoka la maso ang'ono likamakokedwa pansi limafafaniza zisa, limazula udzuwo, ndi kukokolola ana amene sanafike pa msinkhu woswana. Anthu a ku nyanja ya Malombe anaziona ndi maso ao: pofika kumayambiriro a zaka za m'ma 1990 chambo chinali chitatsala pang'ono kutheratu m'nyanja yao. M'chaka cha 1993 anayamba kukhazikitsa makomiti a m'madooko, mu 1997 kunabwera lamulo latsopano losunga nsomba, komabe mu 2018 akatswiri a dziko lonse analemba mitundu ya chambo pakati pa zamoyo zimene zili pafupi kutha. Kodi mlimi wanzeru amadya mbeu imene anasungira dzinja? Iai. Nanga bwanji mlimi yemweyo akafika kunyanja aiwala zimene adziwa bwino kumunda?

Palinso nkhani ya thumba. Khoka lifuna anthu ambiri olikoka, ndipo aliyense ayenera kulandira gawo lake. Likang'ambika pa mwala lifuna msoki. Mwini wake akabwerera kumudzi kukalima amalisiya m'manja mwa ena, ndipo aliyense adziwa zimene zimachitikira katundu wosiyidwa m'manja mwa ena. Koma zipangizo zonse zimene titi tinene pano mtengo wake sufika pa thumba limodzi la feteleza, ndipo zikhoza kusungidwa patsindwi chaka chathunthu osaonongeka.

Kuwedza ndi mbedza si kwachilendo kwathu, pakuti makolo athu ankagwira ncheni ndi kampango pa chingwe, nyambo yake usipa. Chimene tifuna kuonjezapo ndi luso limene Angerezi amati jigging, ife tingati kuvinitsa chitsulo. Asodzi a ku zilumba za Lofoten ku Norway akhala akugwira nsomba yao ya cod mwa njira imeneyi kwa mibadwo yambiri, ndipo a ku Japan anaikonza koposa. Nzeru yake ndi iyi: mumatsitsira pansi kachitsulo kolemera konyezimira, kokhala ndi mbedza, nimumakakweza ndi kukagwetsa kotero kuti kaoneke ngati usipa wodwala umene ulikulephera kusambira. Nsomba yolusa siitaya mphamvu kuthamangitsa usipa wamoyo pamene wofooka uli pafupi. Ncheni, imene imasaka ndi maso ndi kudya usipa ndi utaka, imanyengeka msanga. Chambo, chimene chimadya tizomera tating'ono ta m'madzi, sichisamala za chitsulo konse, ndipo ndicho chifukwa chachikulu chimene ife tikondera njira imeneyi.

Chitsulocho mukhoza kuchipanga nokha. Mpini wa supuni yakale, chidutswa cha paipi ya mkuwa chophwanyidwa kuti chikhale chaphanthi, ngakhale bauti lalitali lopalidwa ndi tupa, zonsezi zimagwira ntchito. Utali wake ukhale ngati wa usipa waukulu, kuyambira chala chapakati kufikira chikhatho. Booleni ku nsonga zonse ziwiri, kwina kwa chingwe, kwina kwa mbedza, ndipo muchikwechese ndi mchenga wosalala kapena phulusa kufikira ching'anime. Chikhale chopindika pang'ono, mbali imodzi yolemerapo, pakuti chitsulo choongoka bwino chimangomira ngati mwala, koma chopindika chimagwa chikupendekera uku ndi uku, ndipo kupendekerako ndiko kumaitana nsomba. Pakati pa chingwe ndi chitsulo ikani kachitsulo kozungulira kamene amagulitsa pamodzi ndi mbedza, kuti chingwe chisapotane. Pamwamba pake mungamange mbedza zing'onozing'ono ziwiri kapena zitatu pa tinthambi tatifupi, iliyonse yovekedwa nthenga yoyera ya nkhuku kapena ulusi wosomola pa thumba la feteleza. Pamalo pa miyala chotsani mbedza yakunsi, muimange ndi kachingwe kolimba ku nsonga yakumwamba ya chitsulo, chifukwa mbedza yolendewera kunsi ndiyo imakola m'mapanga.

Apa tichenjeze za mtovu. Tamva kuti ena amaswa mabatire akale a galimoto ndi kusungunula mtovu wake pa mafuwa, mwina m'chiwaya chomwe akazi amakazingira chimanga. Musatero. Mtovu ndi ululu umene suchoka msanga m'thupi, ndipo umaononga nzeru za ana aang'ono mosachiritsika. Mkuwa ndi chitsulo n'zokwanira.

Za chingwe, cha nailoni choonekera ngati madzi ndicho chopezeka paliponse, ndipo n'chabwino kufikira mikwamba makumi awiri kapena atatu. Kupyola apo chimatamuka ngati mphira, kotero kuti nsomba ikagunda pansi dzanja lanu silimva bwino. Chingwe choluka cha masiku ano sichitamuka, koma n'chokwera mtengo, ndiponso chimacheka chala ngati lumo. Wochigwiritsa ntchito akulunge chala ndi chidutswa cha chubu cha njinga. Kulungani chingwe pa kathabwa, ndipo pa mikwamba isanu iliyonse mangani mfundo ya ulusi wa mtundu wina. Musanyoze timfundo timeneti. Nsomba za pa madzi akuya zimakhala pa msinkhu umodzi, monga mbalame zotera pa nthambi imodzi, ndipo mukagwira yoyamba pa mfundo yachinai anzake alinso pomwepo. Wopanda zizindikiro amayambanso kufunafuna nthawi iliyonse akatsitsa chingwe.

Tsono kuvinitsa kwenikweni. Tsitsani chitsulo kufikira chigunde pansi, kapena kufikira pa msinkhu umene muganiza kuti pali nsomba, chingwe chikudutsa pakati pa zala zanu, osachiponya chonse. Chikagunda pansi kwezani msanga mkwamba umodzi kuti chisakole. Pamenepo kokani ndi mkono kamodzi mwamphamvu, kuchokera pa bondo kufika pa phewa, ndipo bwezani dzanja pansi mofatsa, mukutsata chitsulo pamene chilikugwa. Chitani chomwecho kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, kwezani mikwamba iwiri, nimuyambenso. Chimene ophunzira ambiri sachidziwa n'chakuti nsomba kawirikawiri imaluma pamene chitsulo chilikugwa, si pamene chilikukwera. Chifukwa chake mukaona chingwe chakhwefuka nthawi yake isanakwane, ngati kuti nyanja yafupika mwadzidzidzi, musazizwe: chitsulo chili m'kamwa mwa nsomba, kokani pomwepo. Mukachedwa ilavula, pakuti chitsulo sichikoma. Ndipo nsomba ikakola musalole chingwe kukhwefuka ngakhale kamodzi kufikira ilowe m'bwato, chifukwa kulemera kwa chitsulo komweko kumathandiza nsomba kugwedeza mbedza kuti ituluke.

Tsiku lina nsomba zifuna kuvina kwachangu, tsiku lina kwaulesi. Palibe buku lingakuuzeni. Yesani zonse ziwiri. Mano a ncheni ndi akuthwa, tsono pitirizani chala pa chingwe pafupi ndi mbedza mutagwira nsomba iliyonse, ndipo mukamva pokalika dulani mumangenso.

Chingwe chiyenera kuima chilili pansi pa bwato. Chikapendekera, chitsulo sichivinanso, chimangokokeka. Kupendekerako kutanthauza kuti chitsulo chapepuka kapena mphepo ilikukankha bwato. Ndiye khalani awiri, wina wa chingwe wina wa nkhafi wobweza bwato pang'onopang'ono, nimuzisinthana. Dengu lakale lomangidwa pa chingwe ndi kumizidwa kumutu kwa bwato limachepetsanso kuyenda kwake. Mukapeza malo abwino asungeni ndi maso: onani mtengo wa pagombe umene walunjikana ndi nsonga ya phiri, muonenso zinthu zina ziwiri zolunjikana mbali ina, ndipo mawa mudzabwerera pomwepo. Malo oyenera kuyesa ndi pamene pansi patsetsereka mwadzidzidzi, m'mphepete mwa miyala ya pansi pa madzi, ndi pamene mbalame zilikugwera usipa. Musatope ndi kufunafuna malo akuya koposa. Nyanja yathu ifika mamita 700 kumpoto, koma kupyola mamita 250 kunka pansi madzi ake alibe mpweya wopumira, ndipo kulibe nsomba. Wa bwato ndi chingwe cha pamanja ntchito yake ithera pamwamba kwambiri pa malire amenewo. Dziwaninso kuti pa zilumba za Thumbi ndi Domwe ndi malo ena a paki ya nyanja, imene inakhazikitsidwa mu 1980, n'koletsedwa kupha nsomba pa mamita 100 oyamba kuchokera pagombe.

Wina adzati, "Mbedza igwira imodzi imodzi, khoka lidzaza mabwato." Inde, sitikana. Wofuna kulemera ndi nsomba sadzalemera ndi chingwe chimodzi, ndipo padzakhala masiku obwerera chimanjamanja, makamaka poyamba. Koma ife tilikulankhula ndi mlimi, amene chuma chake chili m'nkhokwe ndi m'chigafa, amene afuna ndiwo za pakhomo ndi zina zowamba zosinthitsa ndi mchere ndi sopo. Kwa iye ncheni khumi zazikulu zipambana chidebe cha tiana ta chambo, ndipo ngongole alibe.

Tisabisenso kuti mbedza nayo ikhoza kulakwa. Kampango amasaka usiku pafupi ndi pansi, ndi ndevu ndi fungo koposa maso, chotero womfuna amaika kachidutswa ka usipa pa mbedza ndi kuvinitsa mofatsa kwambiri. Koma kampango nayenso wachepa, ndipo mu 2018 analembedwa pamodzi ndi chambo. Nsomba imeneyi imalera ana modabwitsa: bambo ndi mayi amalondera chisa pakati pa miyala, ndipo mayi amaikira mazira ena osaswa kuti anawo adye. Mukawedza kholo pa chisa ana otsala agwera m'kamwa mwa nsomba zina. Ndiye m'nyengo ya dzinja, pamene ambiri ali ndi ana, asiyeni a pamiyala. Wamng'ono amene mwamgwira pa madzi osaya mbwezeni, mukusamala minga yake. Koma nsomba yokwezedwa msanga kuchokera pakuya imatupa mimba chifukwa kathumba kake ka mpweya kamafufuma, ndipo kawirikawiri siingathe kumiranso. Mukaona kuti pamalopo pakubwera zazing'ono zokhazokha, chokanipo. Anthu a ku chilumba cha Mbenji ku Salima akhala akutseka usodzi m'miyezi ya mvula kuyambira zaka za m'ma 1950, mwa lamulo la mfumu yao, ndipo nsomba sizinathe kumeneko monga kwina.

Chotsala ndi chimene chitidetsa nkhawa koposa. Nthawi imene mlimi amapuma, kuyambira Meyi kufikira Ogasiti, ndiyo nthawi ya mwera. Mphepo imeneyi imatha kudzuka nyanja ili bata, ndipo munthu wa kumtunda sadziwa zizindikiro zake. Musapite nokha. Pitani ndi msodzi wobadwira kunyanja ndipo mumvere mau ake, ngakhale ali mnyamata wa msinkhu wa mwana wanu. Akati tibwerere, kulungani chingwe ngakhale nsomba zilikuluma. Nyamukani mbandakucha, mubwerere dzuwa lisanafike pamutu. M'bwato mukhale chokapira madzi, nkhafi yapadera, ndi chigubu chopanda kanthu chotseka bwino cha munthu aliyense, chomangidwa chingwe chokoleka m'khwapa. Musaimirire pokoka nsomba, ndipo mowa utsale kumtunda.

Nyanja imadekha mu Seputembala ndi Okutobala, ndipo apo pali yesero lina, pakuti ndiyo miyezi ya nazale ya fodya yofuna madzi m'mawa ndi madzulo, ndi ya kuunga mizere mvula isanagwe. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Gwirizanani pabanja masiku awiri pa mlungu a kunyanja, otsalawo akhale a khasu, ndipo mvula yoyamba ikagwa tsukani chitsulo ndi mbedza, muzipake mafuta, muzikulunge m'kansalu. Musanayambe konse, kaonaneni ndi mlangizi wa za nsomba kapena komiti ya padooko lanu, akuuzeni za chiphaso ndi malo oletsedwa a kwanuko.