Mlangizi akafika pakomboni, anthu amaona ndani?

Ku Arcturus, dera la mgodi wa golide ndi mapulazi m'boma la Goromonzi kum'mawa kwa Harare, kuli mabanja ambiri omwe makolo awo anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Ena mwa Amalawi a m'mapulazi a ku Mashonaland anabwera kudzera m'bungwe lolemba antchito lomwe linakhazikitsidwa mu 1946, limene anthu ankalitchula kuti Mthandizi. Atafika papulazi anapeza kuti nyumba, phoso ndi milandu ya pakomboni zinali m'manja mwa bwana ndi kapitawo wake.

Mapulazi ambiri anagawidwa kuyambira mu 2000, koma chithunzi cha bwana sichinafufutike m'maganizo. Chimaonekera pamene mlangizi wa bungwe la chitukuko akuyendera mayi wa sukulu ya mkaka kapena mlembi wa gulu losunga ndi kubwereketsa ndalama. Akafunsidwa za ntchito, amayankha kuti zonse zili bwino, ngakhale ana akuchepa kapena mabuku a ndalama sakugwirizana. Sikuti ndi achinyengo. Papulazi, kuulula vuto kunkatha kuchotsetsa munthu ntchito ndi nyumba tsiku limodzi, ndipo ana anakula akuziona.

Mlangizi nayenso amakhala ndi chithunzi chake mosadziwa. Gareth Morgan, m'buku lake la mu 1986 lonena za mabungwe, anasonyeza kuti ena amaona bungwe ngati makina, ena ngati chinthu chamoyo, ena ngati chida chopondereza anthu. Mlangizi amene kwa iye bungwe ndi makina amafika ndi mafomu, nkuyamba kufunsa ziwerengero asanamve nkomwe mmene anthu adzukira. Kwa wolangizidwa, fomuyo imafanana ndi buku la kapitawo lolembamo ojomba. Awiriwa amasiyana akumwetulirana, vuto nkutsala pomwepo mpaka gulu litatha ndi ndalama za anthu zitalowa m'madzi.

Choncho ulangizi uziyamba ndi kuchotsa mantha. Tsiku lofufuza mabuku likhale losiyana ndi tsiku lolangiza, ndipo wolangizidwa auzidwe momveka bwino kuti zomwe anene zifika kwa ndani, komanso zomwe zichitike akaulula cholakwika. Mlangizi afunse mwaulemu kuti, "Kodi amayi, bungweli mumaliona ngati chiyani?" Yankho likakhala lakuti ndi abwana kapena ndi makolo otisamala, pamenepo mpoyambira kukambirana. Kumathandizanso mlangizi akayamba kutchula pomwe iye mwini kapena bungwe lake linalakwitsa.

Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Mlembi amene wafika ponena kuti ngongole zitatu sizinabwezedwe ndi woyenera kuthokozedwa, chifukwa wapereka mpata woti gululo lipulumuke.