ZAUMOYO PABANJA: Musaope dilipi, m'mkono simutsala singano



Ulendo uno tikambirana za kachipangizo kakang'ono kamene ambiri tinakaonapo pa mkono wa m'bale wathu ali gone m'chipatala. Achipatala amakatcha kanula, pamene ife kumudzi timangoti "amuika dilipi". Kanthuka kapulumutsa miyoyo yosawerengeka, komabe alipo anthu amene amakakana, ena amakazula usiku, ndipo ena amathawitsa wodwala m'chipatala chifukwa cha iko.

Nkhaniyi tiyiyambire ku Chiradzulu. M'chaka cha 2017 kunabuka mphekesera ya anamapopa. Inayambira ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka ku Blantyre. Anthu osalakwa anaphedwa pongoganiziridwa, ndipo ogwira ntchito zachipatala ena anachitidwa chipongwe. Mphekeserayo inazilala, koma mantha sachoka msanga mumtima. Munthu amene anamva zoterezi akaona namwino akumanga mkono wa mwana wake, kenaka n'kuona magazi akutulukira m'kachipangizo, mtima umamuuza zina. N'chifukwa chake tati tilongosole zonse mwatsatanetsatane, pakuti zimene amachita namwino pa chipatala cha boma cha Chiradzulu, cha mishoni cha Nguludi kapena chaching'ono cha Namitambo ndi zomwezo zimene mudzaone ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota.

KODI KANULA N'CHIYANI?

Kanula ndi kapaipi kofewa ka pulasitiki, kowonda ngati udzu, kamene kamavekedwa pa singano. Ntchito ya singanoyo ndi kungoboola khungu ndi mtsempha kuti kapaipiko kalowe. Kakangolowa, singanoyo imatulutsidwa n'kuponyedwa m'kabokosi kotayiramo zobaya. M'mkono simutsala chitsulo chilichonse. Kapaipi kotere kanapangidwa m'chaka cha 1950 ndi dokotala David Massa wa pa chipatala cha Mayo Clinic ku America. Isanafike nthawiyo madokotala ankasiya singano yachitsulo mumtsempha, ndipo wodwala akangogwedezeka mtsemphawo unkabooka.

Mitundu imene mumaiona pa makanula ili ndi tanthauzo. Yachikasu ndi yaing'ono kwambiri, ya makanda. Yobiriwira ngati mtambo ndi ya ana ndi okalamba amene mitsempha yawo ndi yowonda. Yapinki ndi yobiriwira ngati masamba ndi ya akuluakulu. Yotuwa ndi yaikulu, ndipo amaiika pamene munthu akufunika madzi kapena magazi ambiri mwachangu, monga mayi amene wataya magazi pobereka kapena munthu wovulala pangozi.

M'MENE AMAIKIRA

Namwino amayamba wasamba m'manja ndi kuvala magolovesi. Kenaka amamanga mkono ndi lamba wa mphira kumtunda kwa malo amene akufuna kubaya, kuti mitsempha ifufume ndi kuoneka. Kawirikawiri amasankha kuseri kwa dzanja kapena pakati pa dzanja ndi chigongono. Amapukuta khungu ndi thonje la sipiliti, n'kudikira kuti paume, kenaka n'kubaya mopendeketsa. Singano ikalowa mumtsempha, timagazi pang'ono timaonekera kumbuyo kwa kanula. Timagazi timeneti ndi chizindikiro chomuuza namwino kuti wafika pamalo oyenera, ndipo sitidzadza n'kasupuni komwe. Akatero amakankhira kapaipiko mkati, kumasula lamba uja, kutulutsa singano, kumata ndi pulasitala, n'kulumikiza dilipi kapena kutseka ndi kachivindikiro. Ngati akufunanso magazi okayeza, amanena, ndipo inu muli ndi ufulu wofunsa kuti akukayeza chiyani.

Nthawi zina mtsempha supezeka ulendo woyamba. Munthu amene watha madzi m'thupi mitsempha yake imafota, ndipo ya mwana ndi yaing'ono kale. Namwino akalephera kawiri amaitana mnzake kuti ayese. Pa khanda akhoza kuika kuphazi, kapena kumeta tsitsi pang'ono n'kuika pa mtsempha wa pakhungu la mutu. Kanulayo siifika ku ubongo. Mayi, m'malo mokalipa, mugwireni bwino mwana wanu ndipo muzimulankhula, pakuti kumugwira bwino mwana kumathandiza namwino pobaya.

CHIFUKWA CHIYANI OSANGOMWA MANKHWALA?

Ife a m'mbali mwa nyanja sitinaiwale kolera imene inayambira ku Machinga mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023. Anthu oposa 58,000 anadwala m'dziko muno ndipo oposa 1,700 anamwalira. Mangochi inali m'gulu la maboma amene anakhudzidwa koposa. Odwala kolera ambiri amachira ndi Thanzi ORS yekha. Koma amene wafooka zedi, maso alowa mkati ndipo akusanza chilichonse, alibe njira ina koma ya mtsempha. Malangizo a bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO amati wodwala wotere alandire mamililita 100 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Ndiye kuti bambo wolemera makilogalamu 60 amafunika malita 6 m'maola atatu okha, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndowa ya malita 20. Madzi onsewo amadutsa m'kapaipi kaja. Ndipotu nzeru yothira madzi a mchere mumtsempha inayamba ndi kolera yomweyi: dokotala Thomas Latta anaiyesa ku Leith, m'dziko la Scotland, m'chaka cha 1832.

Chimodzimodzi malungo aakulu. Mwana amene akukomoka sangameze LA. Amapatsidwa mankhwala a artesunate mumtsempha atangofika, kenaka pakatha maola 12, kenakanso pakatha maola 24 chiyambire. Ndicho chifukwa chake kanula imasiyidwa pa mkono ngakhale palibe thumba la madzi lopachikidwa: ndi khomo lolowera mankhwala kuti mwana asabayidwe mobwerezabwereza.

NTCHITO YA WODIKIRIRA WODWALA

M'zipatala zathu namwino mmodzi amayang'anira odwala ambiri, choncho maso a gadiyani ndi ofunika kwambiri. Sungani mfundo izi.

Choyamba, musakhudze kagudumu kotsegulira ndi kutsekera madzi. Ena amatsegula kuti thumba lithe msanga apite kwawo. Madzi akalowa mothamanga kuposa muyezo amadzadza m'mapapo, makamaka mwa khanda, nkhalamba ndi munthu wodwala mtima kapena impso, ndipo imfa ikhoza kubwera m'maola ochepa.

Chachiwiri, muziyang'ana pamalo obayapo. Pakatupa, pakazizira kapena khungu likalimba, ndiye kuti kapaipi katuluka mumtsempha ndipo madzi akuthira m'mnofu. Pakafiira, pakatentha, pakamapweteka kapena pakatuluka mafinya, mtsempha wayamba kutukusira. Itanani namwino nthawi yomweyo, osadikira kuti kuche.

Chachitatu, thumba la madzi likhale pamwamba nthawi zonse. Mukamuperekeza wodwala kuchimbudzi, linyamuleni kupitirira phewa lake. Likatsika kapena likatha, magazi amabwerera m'paipi. Palibe amene akupopa magaziwo. Kamuuzeni namwino kuti thumba latha.

Chachinayi, pulasitala isanyowe ndipo musapakepo mafuta kapena mankhwala achikuda. Kanula ndi njira yolunjika m'magazi, tizilombo tikalowa pamenepo timafalikira thupi lonse.

Chachisanu, kumbukirani tsiku limene anaiika. Zipatala zambiri zimaisintha pakatha masiku atatu kapena anayi, kapena msanga ngati pavuta. Mukatulutsidwa, onetsetsani kuti aichotsa, pokhapokha atakuuzani okha kuti muzibwera nayo kudzalandira mankhwala. Musaizule nokha kunyumba.

NANGA SWALA NDI SWAUMU?

Funso ili limabwera kawirikawiri. Bungwe la akatswiri a malamulo a Chisilamu la International Islamic Fiqh Academy, pa msonkhano wake wa ku Jeddah m'chaka cha 1997, linagamula kuti jakisoni wa mankhwala, kaya wa pakhungu, wa m'mnofu kapena wa mumtsempha, samasula swaumu, kupatula madzi amene amalowa m'malo mwa chakudya. Komatu munthu amene wafika poikidwa dilipi ndi wodwala, ndipo Surat Al-Baqarah inapereka chilolezo kwa wodwala kuti amasule n'kudzabweza masikuwo akachira. Musakane dilipi masana a Ramadhan kuti mudikire nthawi yofuturu, kolera siidikira dzuwa kulowa. Pa nkhani ya wudhu, musanyowetse pamene pali kanula. A Sheikh a kwanuko akulangizani za kupaka pamwamba pa bandeji kapena kupanga tayammum. Alongo athu amene angakonde kuikidwa ndi namwino wamkazi apemphe mwaulemu. Akakhala kuti palibe, ndipo matenda afika povuta, moyo ndiwo utsogole.

Abale ndi alongo, akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mukaona chimene simukuchimvetsa pa mkono wa wodwala wanu, funsani namwino ali pomwepo, osati anthu a pamsika. Ndipo chithandizo chabwino koposa ndi kufika msanga kuchipatala, mitsempha isanafote. Mwana amene wayamba kutsekula m'mimba m'mawa ayambe kumwa Thanzi ORS m'mawa womwewo, ali pa ulendo wa kuchipatala.

Allah achize odwala athu onse ndi kuwapatsa mphamvu amene akuwasamalira. Tidzakumananso m'kope lotsatira, Insha Allah.

Wassalamu alaikum.