ZA PAMSEWU: Kagalimoto Kaliwiro M'chipale Chofewa

Chitulukire magazini yathayi ndalandira makalata angapo, koma imodzi ndiyo yandikhudza kwambiri. Yachokera kwa mayi wina amene mwana wawo akugwira ntchito ku Britain. Mnyamatayo wawatumizira chithunzi ataima monyadira pambali pa kagalimoto kofiira ka mipando iwiri, ndipo kumbuyo kwake kwangoti mbuu! chipale chofewa chokhachokha. Mayiwa akufunsa kuti: "Kodi ndikondwere kapena ndide nkhawa?" Ndiwayankha powasimbira zimene zinationekera ine ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, m'chaka cha 2018.

Kumapeto kwa Febuluwale chaka chimenecho ndinali ku Sheffield, mzinda wa ku England womangidwa pa zitunda, kumene mphwangayo amakhala. Mlungu umenewo kunafika mphepo yozizira koopsa yochokera ku Siberia, imene nyuzipepala zakumeneko zinaitcha Beast from the East, kutanthauza chilombo chochokera kum'mawa. Chipale chinagwa masiku angapo. Ku Scotland magalimoto mazanamazana anachezera usiku wonse pa msewu waukulu wa M80 atalephera kupita kutsogolo kapena kubwerera.

Mphwanga anali atangogula Mazda MX-5 kwa munthu wina amene anaiyendetsa kale zaka zingapo. Mtundu umenewu unayamba kugulitsidwa mu 1989, ndipo achinyamata amaukonda chifukwa ndi wopepuka, wolemera pafupifupi tani imodzi yokha, komanso umamvera chiwongolero msanga. Madzulo ena tinapita kukagula zakudya, ndipo pobwerera tinayenera kukwera chitunda cha kunyumba kwake. Ine nditaona m'mene msewu unayerera ndinati, "Bwanji tiisiye pano tipite pansi?" Iye anaseka nati, "Amalume musaope, injini iyi ili ndi mphamvu."

Titafika pakati pa chitunda, matayala akumbuyo anayamba kungozungulira pamalo amodzi. Mphwanga anaonjeza moto. Pomwepo matako a galimoto anapatukira kumanzere, galimoto inapingasa msewu, niyamba kutsetsereka chammbali kubwerera kumunsi. Anaponda mabuleki, koma zinali ngati palibe chimene waponda. Tinakaima tayala litagunda simenti ya m'mphepete mwa msewu, ndipo pamenepo panali mayi wina ataima, atagwira mwana padzanja. Pakati pa iwo ndi chitseko changa panali danga loti munthu ungatambasule mkono n'kuwakhudza. Tili chikhalire m'galimoto, manja akunjenjemera, kunadutsa Ford Fiesta yakalekale, nikwera chitunda chonse pang'onopang'ono popanda vuto lililonse.

Chinachitika n'chiyani kuti kagalimoto kokalamba kapose galimoto yaliwiro? Nkhani yagona pa matayala amene injini imazunguza. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri, monga Fiesta ija kapena Toyota Vitz, injini ili kutsogolo ndipo imazunguza matayala akutsogolo omwewo. Kulemera kwa injini kumapanikiza matayalawo pansi, choncho amaluma msewu bwino, ndipo galimoto imakokedwa monga ng'ombe zikokera ngolo. Koma MX-5, Toyota GT86 ndi BMW zambiri, injini ili kutsogolo pamene mphamvu imatumizidwa ku matayala akumbuyo. Galimoto yotere imakankhidwa ngati wilibala. Pa phula louma zimenezi n'zabwino, chifukwa matayala akutsogolo amangosamala zokhota, akumbuyo zokankha. Koma poterera, akumbuyowo akangosiya kuluma, matako amafuna kupitirira mutu.

Amene munakwerapo pikiapu yopanda katundu pa msewu wa dothi lakatondo m'nyengo ya mvula mukuzidziwa kale zimenezi. Kumbuyo kumavina uku ndi uku, ndipo dalaivala wozindikira amauza anthu kuti akwere kumbuyo kapena amaikako matumba a chimanga. Chipale chimachita chimodzimodzi, kungoti chikapondedwapondedwa n'kuundana chimaterera kuposa matope.

Tisaiwale kuti galimoto yonse imakhudza msewu pa malo anayi okha, ndipo malo aliwonse ndi aakulu ngati chikhatho cha munthu. Mphamvu zonse za injini, za mabuleki ndi za chiwongolero zimadzera pa zikhatho zinayi zimenezi. Galimoto zaliwiro nthawi zambiri zimabwera ndi matayala otambalala, opangidwira nyengo yotentha. Kukazizira kufika pansi pa madigiri 7, mphira wa matayala otere umayamba kuuma, ndipo mizere yake siigwira chipale. Apa mphamvu ya injini imene mphwanga ankadalira ndiyo inatipweteka, pakuti kuonjeza moto pa tayala limene lasiya kale kuluma kumangopukuta chipale n'kuchisandutsa galasi.

Mankhwala oyamba tsono ndi matayala a nyengo yozizira. Mphira wake umakhalabe wofewa ngakhale kuzizire, ndipo ali ndi timing'alu tambirimbiri timene timaluma chipale. Mumawazindikira ndi chizindikiro cha m'mbali mwake: phiri la nsonga zitatu, m'kati mwake muli kanyenyezi ka chipale. Ku Sweden lamulo limakakamiza matayala a nyengo yozizira kuyambira pa 1 Disembala mpaka pa 31 Malichi ngati msewu uli ndi chipale kapena waundana. Ku Germany, kuyambira mu 2010, woyendetsa pa chipale popanda matayala oyenera amalipitsidwa. Ku Britain kulibe lamulo lotere, n'chifukwa chake ana athu ambiri kumeneko saganizako n'komwe. Pogula, mugule anayi. Mukaika awiri kumbuyo kokha, galimoto idzanyamuka bwino koma idzakana kukhota. Mukaika kutsogolo kokha, matako adzakuzungulirani pakona yoyamba. Onaninso kuzama kwa mizere: lamulo la ku Britain limalola mamilimita 1.6, koma m'nyengo yozizira akatswiri amalangiza osachepera mamilimita 3.

Ena amaika thumba limodzi kapena awiri a mchenga m'buti, pamwamba penipeni pa matayala akumbuyo. Zimathandiza ponyamuka, koma musapyoze muyeso, chifukwa katundu wochuluka kumbuyo amapepukitsa kutsogolo, ndipo chiwongolero chimasiya kumvera.

Mankhwala achiwiri ali m'phazi ndi m'manja mwa dalaivala. Chilichonse chichitike mofatsa, ngati mwanyamula beseni lodzaza madzi pamutu. Ponyamuka lowetsani giya yachiwiri, osati yoyamba, ndipo kilatchi muitulutse pang'onopang'ono kuti mphamvu ifike ku matayala mochepa. Pokwera chitunda dikirani kuti amene ali patsogolo amalize kukwera, kenaka inu mukwere ndi liwiro limodzimodzi, osaima pakati, osaonjeza moto mwadzidzidzi. Potsika lowetsani giya yotsika musanayambe kutsetsereka. Kutsitsa giya mwankhanza muli kale pamtsetse kumagwira matayala akumbuyo ngati mwakoka handibuleki, ndipo galimoto imazungulira. Liwiro lichepetsedwe msewu ukadali wowongoka, pakona musapondepo mabuleki.

Buku la malamulo a pamsewu la ku Britain, Highway Code, limachenjeza kuti pa msewu woundana mtunda woimira ukhoza kutalika kakhumi poyerekeza ndi pa msewu wouma. Choncho danga limene mumasiya pakati pa inu ndi wapatsogolo likule kwambiri. Mabuleki a ABS amathandiza kuti matayala asagwiriretu ndipo muthe kukhotabe, koma sangakupatseni kuluma kumene matayala alibe. Zikavuta apondeni mwamphamvu osachotsa phazi, ngakhale mumve akunjenjemera. Galimoto zatsopano zilinso ndi makina oletsa matayala kuzungulira pachabe. Anyamata ena amawazimitsa kuti aonetse luso. Pa msewu wa anthu onse asiyeni oyaka.

Nanga matako akayamba kupatuka, monga zinatichitikira ife? Chepetsani moto mofatsa, osaponda mabuleki mwamantha. Maso ayang'ane kumene mukufuna kupita, osati pa mtengo umene mukuopa kugunda, chifukwa manja amatsata maso. Chiwongolero chikhotetsereni mbali imene matako akupita: akapita kumanzere, inunso kumanzere. Matayala akangoyambanso kuluma, wongolani msanga, apo ayi galimoto idzaponyedwera mbali inayo mwamphamvu kuposa poyamba. Zimenezi siziphunzirika powerenga pokha. M'maiko ozizira muli masukulu okhala ndi bwalo loterera lophunzitsirapo, ndipo ndalama yolipira kumeneko ndi yochepa poyerekeza ndi ya kugalaja kapena kuchipatala.

Chenjeraninso ndi madzi oundana osaoneka, amene amachititsa phula kuoneka ngati langonyowa. Amapezeka kwambiri m'mamawa, m'mithunzi ya mitengo ndi pa milatho, pakuti mlatho umazizidwa pamwamba ndi pansi pomwe, choncho umaundana msewu wonse usanaundane. Mukamva kuti phokoso la matayala lazilala ndipo chiwongolero chapepuka, dziwani kuti muli pamenepo. Mchere umene akuluakulu a mizinda amawaza umathandiza m'misewu ikuluikulu, koma timisewu ta m'makomo, monga ka mphwanga kaja, nthawi zambiri sitifikiridwa.

Pali masiku ena amene ngakhale matayala abwino sathandiza. Galimoto yaliwiro mimba yake ili pafupi kwambiri ndi nthaka. Chipale chikazama, galimoto imakhala pamwamba pake ngati bwato pa mchenga, matayala akupalasa m'malere. Tsiku lotere luso lalikulu ndi kusiya makiyi pa tebulo n'kukwera basi kapena sitima, kaya kudikira. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika.

Mphwanga anakonzetsa tayala ndi chitsulo chimene chinapindika, ndipo ndalama zake zinaposa mtengo wa matayala anayi amene ankati ndi odula. Galimotoyo sanaigulitse. Chaka chilichonse Novembala akafika amasintha matayala, ndipo akaona chipale chazama amapita kuntchito pa basi. Chimene samatha kuiwala, iye mwini amanena, ndi nkhope ya mwana uja akutiyang'ana pawindo.

Tsono mayi amene munalemba kalata, kondwerani ndithu, pakuti mwana wanu wagula galimoto ndi thukuta lake. Koma mukamayankhula naye mumufunse kuti matayala ake ali ndi chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu kodi. Akayankha kuti injini yake ili ndi mphamvu, mumuwerengere tsamba lino. Wakutsina khutu ndi mnansi. M'magazini yotsatira tidzakambirana za kuyendetsa pa matope ndi kuoloka madzi osefukira, popeza mvula yathu ikhala itayandikira. Pitirizani kulemba makalata, ndipo muyende bwino.